Kamera ya agogo ikufuna filimu ya 620: mmene mungaikiremo ya 120

Nkhani yake imayenda chonchi. Mwatsegula tiranki ya malemu agogo, ndipo pansi pa jekete ndi mapepala a ku Teba mwapeza kamera yabokosi yolembedwa Six-20 Brownie. Mukadina, shata (kachitseko kolowetsa kuwala) ikulira bwinobwino. Mwatuma alamu anu amene akubwera pa basi kuchokera ku Joni kuti akugulireni filimu ya 120, mwadikira masabata atatu, yafika. Mukuti muike, ikukana kulowa. Mukaikakamiza chitseko chikutsekeka ndithu, koma chopukusira filimu changouma gwa, apo ayi chikungozungulira pachabe.

Ineyo zinandichitikira kwathu ku Bembeke, ndipo mipukutu iwiri inapita ndisanazindikire pamene pagona vuto. Kodak inasiya kupanga filimu ya 620 mu 1995, koma ya 120 ikupangidwabe. Filimu ziwirizi ndi imodzi: m'lifupi mwake ndi mamilimita pafupifupi 61, pepala lotchinga kumbuyo ndi lofanana, manambala akenso ali pamalo omwewo. Chosiyana ndi sipulu basi, kachitsulo kapena kapulasitiki komwe filimu amaikulungapo, kokhala ngati bobini ya telala koma kakatali. Sipulu ya 620 ndi yowonda, mapiko ake a m'mbali ndi aang'ono komanso opyapyala. Ndiye ntchito yonse ndi kusamutsa filimu kuchoka pa sipulu yonenepa kupita pa yowonda, mumdima, osaiona ndi maso.

Zofunika kukonzeratu

- Mpukutu wa filimu ya 120. Yambani ndi ya zithunzi zakuda ndi zoyera, monga Ilford FP4 Plus kapena Fomapan 100. Ya kala idikire manja azolowere.
- Masipulu awiri a 620 opanda kanthu. Imodzi nthawi zambiri mumaipeza mkati mwa kamera momwemo.
- Mpukutu wophunzirira, wotha ntchito kapena wowonongeka kale.
- Tepi yakuda ya amagetsi, ndi katepi kapepala.
- Timphira tomangira ndalama tija, tiwiri kapena titatu.
- Foyilo wokutira.
- Tochi, thonje, ndi kansalu kofewa kosatuluka ubweya.
- Nelikata ndi sandipepa wosalala, ngati mudzafune njira yachidule.
- Chipinda chotheka kuchititsa mdima wa bii.

Yambani ndi kamera, filimu ikhale kaye mu paketi yake

1. Musanatsegule chitseko, suzumirani pa kazenera kofiira ka kumbuyo. Mukaona nambala kapena pepala, mkatimo muli filimu yakale. Pukusani mpaka itathera mbali imodzi, kenako mutsegule pamthunzi. Mwina pali nkhope za anthu amene simunawaonepo, ndipo kutsegula mwaphuma kumazipsereza nthawi yomweyo.

2. Tsimikizani kuti kamerayo ndi ya 620. Nambala imalembedwa mkati mwa chitseko kapena pa dzina lenilenilo: Six-20 ndiye 620 yomweyo. Brownie Hawkeye ndi Kodak Duaflex nazonso ndi za 620. Pa makamera a Agfa ndi Ansco, PB20 ndi 620 pamene B2 ndi 120. Ikakhala No. 2 Brownie kapena yolembedwa B2, mwachita mwayi, ikani filimu yanu mmene yabwereramo, zosamutsazi sizikukukhudzani.

3. Tulutsani sipulu yopanda kanthu ija, muisamale ngati chiphaso. Ikakhala ndi dzimbiri ipalenipo pang'ono ndi sandipepa, mapiko akapindika awongoleni. Yachiwiri ifuneni kwa ojambula akale amene ankayenda pa njinga m'maukwati ndi m'masukulu, kapena muitanitse limodzi ndi filimu, popeza masiku ano zilipo zapulasitiki zatsopano.

4. Chitseko chili chotsegula, lozetsani kamera kumwamba n'kudina. Muone kuwala kukuphethira kamodzi. Kachitsulo kolembedwa B kapena T kamasiya shata yotseguka, ndiye kabwezeni pa I kapena pamalo ake a masiku onse. Pukutani galasi ndi timawilo tomwe filimu imadutsapo, chifukwa dzimbiri la pamenepo limakanda filimu kuyambira chithunzi choyamba mpaka chomaliza. Ngati ndi kamera yopinda yokhala ndi mvukuto, lowani nayo mumdima, ikani tochi mkati, ndipo paliponse potuluka kuwala mumatepo tepi yakuda. Chenjezo: mafuta a makina osokera musawayandikize ku shata. Amagwira fumbi, ndipo kukazizira shata imayamba ulesi.

Mdima wake ukhale weniweni

5. Sankhani usiku. Tsekani zenera ndi bulangete, pansi pa chitseko tsekanipo ndi chiguduli, khalani pansi mphindi 10. Maso akazolowera, tambasulani dzanja. Mukaliona ngakhale mwa chizimezime, mdimawo sunakwane. Olowa mwakuba ndi awa: mabowo a misomali pa malata kukakhala mwezi, timabowo ta mpweya pamwamba pa khoma, kagetsi kofiira ka pa soketi, ndi foni imene imayaka yokha uthenga ukalowa. Kuno ku Dedza mwezi wa June ndi July palinso mbaula. Khala limodzi lofiira ndi lokwanira kuwononga mpukutu, ndiye itulutseni, mupirire kuzizira mphindi zochepazo. Za m'mafilimu zoti kuchipinda chotsukira zithunzi kumayaka getsi lofiira musazitengere: getsi limenelo ndi la mapepala osindikizira, filimu ya masiku ano imaona kufiira bwinobwino.

6. Yesererani poyera ndi mpukutu wophunzirira, kawiri maso ali otsegula, katatu mutatsinzina. Ambiri amadumpha pano poti akuona ngati ndi masewera a ana. Ine ndinadumphanso, ndipo ndi mmene mpukutu wanga woyamba kusamutsa unathera.

Kusamutsa filimu

Mvetsani kaye mmene mpukutu unapangidwira. Pepala lotchinga ndi lalitali pafupifupi mita imodzi ndi theka, filimu yeniyeni ndi ya masentimita pafupifupi 80, ndipo ili pakati. Kumutu kwake anaimata ku pepala ndi tepi. Kumchira sanaimate, imangogona. N'chifukwa chake simungangoikulunga ulendo umodzi pa sipulu yatsopano: idzakhala chadodolido, mchira kutsogolo, manambala akuwerenga chobwerera. Pamafunika maulendo awiri, wopita ndi wobwerera.

7. Sambani m'manja ndi sopo, pukutani ziume. Musadzole mafuta ngakhale khungu litatuwa ndi chisanu. Yalani zonse pa tebulo loyera m'dongosolo loti mukhoza kulikumbukira mumdima: mpukutu kumanzere, masipulu kumanja, mphira ndi foyilo kutsogolo.

8. Getsi likadali loyaka, dulani kapepala komanga mpukutu, lowetsani nsonga ya pepala mu mng'alu wa sipulu yoyamba ya 620, zungulizani kawiri. Onetsetsani kuti pepala lagona pakati penipeni, silikukwera phiko lililonse. Mbali yakuda ikhale mkati, yolembedwa kunja. Tsopano zimitsani.

9. Ulendo wopita. Gwirani masipulu awiriwo moyandikana, wina m'dzanja ili wina m'dzanja linalo, ndipo kulungani pang'onopang'ono chala chachikulu chikupanikiza pepala. Posachedwa mumva katepi: pamenepo filimu yayamba. Pitirizani, zala zizigwira pepala ndi m'mphepete mokha, osati pamimba pa filimu. Kumapeto mumva mchira ukudutsa, kenako pepala lokhalokha mpaka litavuka pa sipulu ya 120. Chakumapetoko kuli kapepala ka zomatira kodzamangira mpukutu mukamaliza kujambula. Musakang'ambe.

10. Ulendo wobwerera, ndipo apa ndi pamene pagona ntchito. Lowetsani nsonga imene yangovuka ija mu sipulu yachiwiri ya 620. Mumdima mng'alu umasowa, ufufuzeni ndi chikhadabo, ndipo dziwani kuti mbali imodzi ndi yaitali kuposa inzake, lowetserani ku yaitaliyo. Kulungani pang'onopang'ono chala chimodzi chikusisita mkati mwa pepala, kudikira mchira wa filimu. Mchirawo suuyamba wokha ulendo. Umakonda kupindikira ku sipulu imene ukuchokera, ndipo mukapanda kuugwira pepala limapita lokha, filimu n'kumadzikulunga payokha pambali ngati mpukutu wachitatu. Mukangoumva, imani. Ugwireni m'mphepete, muulowetse pakati pa pepala ndi sipulu yatsopano, uwongoke bwino, kenako zungulizani kawiri mwamphamvu kuti ulumidwe. Yesani ndi zala mbali zonse ziwiri: filimu isatulukire kunja kwa pepala ngakhale pang'ono. Ikapendama pano, ipendama mpaka kumutu, ndipo ndi bwino kubwerera n'kuyambanso kusiyana n'kulimbana nayo kutsogolo.

11. Kulungani mothina, koma osachita kukoka ngati mukumanga mtolo wa nkhuni. Mukafika pa tepi ija, kawirikawiri mupeza filimu yatukumuka kakhwinya, chifukwa kukulunga kwanu sikungafanane ndendende ndi kwa makina a ku fakitale. Musakaphwanye kakhwinyako ndi chala, mzere wake udzaoneka pa chithunzi choyamba. Matulani tepi ku pepala, isiyeni ili ku filimu, salazani filimuyo igone, kenako matikaninso pamene yafikapo. Matulani mwaulemu. Nyengo youma ya chisanu tepi yomatulidwa mwamsanga imathetheka timoto, ndipo filimu imatijambula. N'chifukwa chakenso sindigwirira ntchito imeneyi pansi pa mabulangete onyezimira a pamsika aja, amene amathetheka usiku ukamatembenuka.

12. Malizani pepala lotsala, pindani nsonga, mangani ndi mphira, kutani ndi foyilo. Tsopano yatsani getsi. Sipulu yoyamba ija yatsala yopanda kanthu, ndipo ndi imene ikalandire filimu mu kamera. Lembani pa foyilo dzina la filimu ndi ISO yake, nambala yosonyeza mmene imamvera kuwala msanga.

Njira yachidule, kwa amene ali ndi sipulu imodzi

Makamera ena, makamaka Brownie Hawkeye zambiri, ali ndi malo okwanira mbali yoperekera moti sipulu ya 120 yochepetsedwa imalowa. Mangani mpukutu ndi tepi yapepala kuti usamasuke, wengani mapiko ndi nelikata kuzungulira mpaka atatsala pang'ono kufanana ndi pepala, kenako palani nsonga zonse ziwiri pa sandipepa kuti sipulu ifupike pang'ono. Chitirani pamthunzi, ndipo fumbi lapulasitiki mulipukute lonse. Mbali yolandirira ikhalebe sipulu yeniyeni ya 620, chifukwa bowo la ya 120 ndi lalikulu ndipo kiyi wa chopukusira amangoterereka.

Ine njira imeneyi sindiikonda kwenikweni. Mukawenga mopitirira, kuwala kumalowa m'mphepete, mukawenga mosakwanira mpukutu umakakamira pa chithunzi chachitatu muli pamwamba pa phiri la Dedza, kopanda chipinda cha mdima. Pa makamera othina mkati musavutike n'komwe.

Kuika mu kamera ndi kujambula

13. Ikani pamthunzi, pakhonde kapena m'nyumba. Mpukutu mbali yoperekera, sipulu yopanda kanthu mbali ya chopukusira. Chotsani mphira chala chili pa mpukutu, dutsitsani pepala mbali yakuda itayang'ana ku galasi, lowetsani nsonga, zungulizani kawiri kapena katatu, tsekani.

14. Pukusani mukuyang'ana pa kazenera kofiira. Muona mivi kapena timadontho, kenako nambala 1. Pepala la 120 lili ndi mizere itatu ya manambala: 1 mpaka 8 ya zithunzi za masentimita 6 kwa 9, 1 mpaka 12 ya 6 kwa 6, ndi 1 mpaka 16 ya zazing'ono. Kazenera ka kamera yanu kanaikidwa kale pa mzere woyenera, Six-20 Brownie ikupatsani 8, Hawkeye ndi Duaflex 12. Manambala a masiku ano ndi otuwa, ovuta kuona. Tembenukani kuti kuwala kugwere cham'mbali, koma tochi ya foni musaiunike molunjika pamenepo. Ndipo samalani, 1 wa makampani ena amangooneka ngati kamzere, ambiri amamupitirira.

15. Matani tepi yakuda pa kazenerako, muzitsegula pokhapokha mukupukusa, msana mutaulozetsa ku dzuwa. Pamene makamerawa ankapangidwa filimu zambiri zinali zofooka pa kuwala kofiira. Ya lero ikakhala padzuwa kazenera kali pululu, nambala ya pa pepala imatha kudindika pa chithunzi.

16. Sankhani filimu molingana ndi thambo, poti kamerayo ilibe zambiri zosintha. Shata ya makamera abokosi imathamanga pafupifupi 1/30 mpaka 1/50 ya sekondi, kabowo kake kolowera kuwala ndi kakang'ono. Padzuwa la September ndi October, ISO 100 kapena 125 ndi yokwana. Tsiku la chifunga, lomwe phiri silioneka muli pa boma, tengani ya 400 monga Ilford HP5 Plus. M'nyumba musayese, pokhapokha kamera itakhala pa tebulo ndipo mwaika pa B.

17. Tsamiritsani kamera pamimba, gwirani mpweya, dinani mofatsa. Wojambulidwa aime masitepe atatu aakulu kuchokera pomwe muli, dzuwa likhale kumbuyo kwanu. Mukangodina, pukusani nthawi yomweyo kufika pa nambala yotsatira. Makamera ambiri otere alibe loko, amalola kudina kawiri pamalo amodzi. Ndili ndi chithunzi cha azakhali anga mulu wa mbatatesi wa pa Lizulu uli pachifuwa pawo. Iwo sanaseke.

Poti zithunzi ndi 8 kapena 12 zokha, pemphani kaye musanajambule munthu, asadzatembenuke mwadina kale. Kukakhala ku bwalo la gule kapena pa mwambo wa angoni, chilolezo chichokere kwa akuluakulu a pamalopo.

Mukamaliza mpukutu

18. Nambala yomaliza ikadutsa, pukusanibe mpaka pepala lonse litadutsa pa kazenera ndipo chopukusira chapepuka. Tsegulani pamthunzi, tulutsani mutapanikiza, pindani nsonga, matani ndi kapepala kaja, onjezani mphira, kutani ndi foyilo. Musaisiye m'galimoto yotseka kapena pafupi ndi moto. Kumtunda kuno kuzizira kumatithandiza, koma mukatsikira ku Golomoti kapena Mtakataka filimu iziyenda m'chikwama chapamthunzi.

19. Funsani otsuka musanatumize. Masitudiyo ambiri tsopano amangosindikiza za pa foni ndi memori khadi, ndipo amene amatsuka ya 35mm si onse amalandira ya 120. Ya kala imafuna mankhwala a C-41, yakuda ndi yoyera ili ndi ake, amenenso mungathe kuphunzira kusakaniza pakhomo. Ngati filimu ikwera ndege, ikhale m'chikwama cha m'manja, ndipo pemphani kuti aione ndi manja m'malo moilowetsa m'makina ounikira katundu.

20. Sipulu yanu isapite. Otsuka amataya masipulu tsiku ndi tsiku osaganizako, ndipo pempho loti akubwezereni limaiwalika. Ine ndimalowanso mumdima n'kubwezera filimu yojambulidwayo pa sipulu yake ya 120, ngati pa nambala 10 paja, kugwiranso mchira. Ikatero imaoneka ngati yatsopano, ndiye lembanipo ndi zilembo zazikulu kuti ndi yojambula kale, muwauzenso otsukawo.

Nanga ngati nambala yake ndi ina?

Ya 116 kapena 616: filimu yake inali ya mamilimita 70, ndipo Kodak inaisiya mu 1984. Ya 120 imalowa mukaika tizidutswa totalikitsa sipulu mbali zonse ziwiri. Tilipo togula, koma kalipentala kapena wosema ziboliboli wodekha akhoza kukusemerani mutamupatsa sipulu yakale kuti ayezere. Manambala a pa kazenera sadzagwirizananso ndi kukula kwa chithunzi, ndiye tengani pepala la mpukutu wophunzirira, chitseko chili chotsegula, muwerenge kuti chopukusira chizungulire kangati kuti chithunzi chisakwere chinzake. Matani timizere ta katoni yakuda m'mbali mwa chipata cha filimu kuti isapindikire mkati.

Ya 127, ngati Vest Pocket Kodak kapena Brownie 127: filimu yake ndi ya mamilimita 46. Makampani ang'onoang'ono akunja amaigulitsabe, ndipo kugula n'kwabwino kusiyana n'kucheka ya 120 ndi lezala mumdima.

Ya 126, ma Instamatic amene anayamba mu 1963: pamafunika katiriji yakale, kabokosi kapulasitiki kosungira filimu, yoti muitsegule n'kuikamo ya 35mm, ndipo kamsomali kowerengera zithunzi kamakodwa m'mabowo a filimu yatsopanoyo. Zimatheka, koma musayambire pamenepa.

Zolakwika zomwe zimabwerezedwa

Filimu yonse yatuluka yakuda bii, mpaka m'mphepete. Yapsa ndi kuwala: chipinda sichinali cha mdima, kapena chitseko cha kamera chinatseguka. Ikatuluka yoyera mbee koma zolemba za kampani m'mphepete zikuoneka, shata sinatseguke, apo ayi filimu sinayende n'komwe.

M'mphepete muli malawi akuda olowera mkati. Mpukutu unali wolefuka, wonenepa kuposa mapiko a sipulu. Zimachokera pa kukulunga mosathina, kapena kuusiya pa tebulo wopanda foyilo. Mukatulutsa mu kamera n'kuumva wofewa ngati buledi, musaukoke kuti uthine, mukanda filimu. Ukuteni msanga momwemo.

Chopukusira chauma pakati pa mpukutu. Musalimbane nacho, pepala ling'ambika. Pitani nayo mumdima kamerayo, tsegulani, fufuzani ndi zala. Nthawi zambiri ndi pepala lokwera phiko, kapena tepi imene simunaimate bwino yakodwa pa kawilo.

Kadontho kozungulira pamalo amodzimodzi pa chithunzi chilichonse. Ndi kazenera kofiira, tepi munaiwala.

Timizere tokhota ngati chikhadabo. Filimu inapindidwa pogwira mchira kapena pophwanya kakhwinya. Zidindo za zala nazo zimachokera pomwepo, makamaka manja akatuluka thukuta ndi mantha. Mukaona kuti mwasokonezeka, ikani zonse mu poto wouma, vundikirani, kutani ndi bulangete, mukapume kaye panja.

Zithunzi zonse zagwedera. Si galasi ayi, ndi manja, kapena kachitsulo kaja kanatsalira pa B.

Kutsegula filimu yongochoka mufiriji. Imachita thukuta ngati botolo la madzi ozizira, ndipo pepala limamatirira ku filimu n'kusiya mawanga. Itulutseni masana ngati mukufuna kuisamutsa usiku, ikhale mu paketi yake yosatsegula.

Kugula mpukutu umodzi wokha. Woyamba kawirikawiri umakhala wa sukulu, ndipo basi ya ku Joni sibwera mawa. Alamu akamanyamuka, auzeni atatu.